Fodya Amene Ndinaotcha Sanali wa Bwana

Musandiombere m'manja. Sindinabwere kudzaimba kwaya, ndipo ambiri mwa inu sindikukondwa nanu. Ndimakuonani mmene mumakodolana ndikamadutsa pamsika wa Malomo, ati uyo Tcheya uja, uyo anaitana boma ndi machesi. Ena mwa anyamata inu mumanena zimenezo ngati ulemu. Ndamvanso kuti mukupangana zokachita kwa ogula fodya amene akukuberani pa sikelo, ndipo wina mwa inu akuti tichite ngati a Elifala. Elifala wake ndine. Ndiye khalani pansi mumve zimene a Elifala anachita, zonse, osati mbali yokoma yokha imene mumauzana kumowa.

Ine kwathu ndi kuseri kwa phiri la Ntchisi, koma ndinakwatira kuno kumalire a Dowa, kwa Nankhoma. Ndinali mkamwini. Amuna ambiri muno ndinu akamwini, ndiye sindichita kufotokoza. Nyumba umamanga iwe, munda umalima iwe, ana umabereka iwe, koma zonsezo ndi za mbumba ya mkazi wako, ndipo tsiku limene atsibweni ake atopa nawe umanyamula khasu ndi mphasa n'kuona msewu. Khomo limenelo, la Nankhoma ndi ana athu, ndi limene ndinataya. Nkhani yanga ndi ya khomo limenelo.

Mudzi wathu unali pamtunda, pamiyala, pamene khasu limatulutsa moto ukamalima. Kumunsi kunali dambo ndi nthaka yakuda, koma kumeneko kunali esiteti. Inatengedwa nthawi ya chipani chimodzi ndi munthu wamkulu wa m'tauni amene palibe mmodzi wa ife anaonapo nkhope yake. Apongozi anga ankaloza malo amene anabadwira ataima kuseri kwa waya. Nthawi imeneyo munthu sunkadandaula, ngakhale kwa mkazi wako pamphasa.

Itafika matipate, anthu a misonkhano anabwera ndi magalimoto, a zipani zonse, aliyense ndi nsalu yake, ndipo onse ananena chinthu chimodzi, kuti malo abwerera kwa eni ake. Tinavota, tinadikira. Kenaka tinayamba kuyenda wapansi kupita ku boma. Lero bwana ali kumsonkhano. Ulendo wina bwana asamutsidwa, atsopano sanafike. Ulendo winanso nkhani ya malo si ya pano, ndi ya kulikulu. Ndinathera nsapato zanga za kutchalitchi panjira imeneyo.

Ndiye m'mawa wina, nthawi yosotsa minda, tinatsika ndi makasu, midzi ingapo pamodzi. Amayi patsogolo akuimba, ife pambuyo. Tinadula waya, tinazula mabikoni a m'malire n'kuwagubuduzira mumtsinje, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mizere inali itadzaza mbali ya esiteti imene inkangokhala yosalimidwa. Tsiku limenelo sindilichitira manyazi. Mukafuna kunditamanda, munditamande pa tsiku limenelo, ngakhale kuti amene anadula waya woyamba anali mayi wina wokalamba, osati ine.

Tinabwerera kumudzi mitima ili m'mwamba. Kale zikanakhala kuti dzuwa lisanalowe anyamata a malaya ofiira afika ndi zibonga. Ena anakagona kuphiri. Kunacha, kulibe munthu. Sabata inatha, kulibe munthu. Kapitawo wa esiteti anathamangira kupolisi, anamuuza kuti galimoto ilibe mafuta. Potsiriza anabwera wapolisi mmodzi pa njinga yobwereka, thukuta lili kamukamu. Anaima pachulu, anayang'ana khamu la anthu ndi makasu, anapempha madzi akumwa, anathokoza, n'kubwerera. Tinaseka mpaka ena kugona pansi.

Kuseka kumeneko ndi kumene kunandiononga. Tinaona ndi maso athu kuti boma limene tinkaliopa moyo wathu wonse linalibe mano. Mbiri inayenda m'mapiri monse, midzi ina inachitanso chimodzimodzi kwawo, ndipo kumeneko nakonso boma silinafike. Tsono pamene palibe boma pamafunika wina akhale boma. Anasankha ine, chifukwa ndinali ndi pakamwa ndipo ndinafika Sitandade 8. Anayamba kunditcha Tcheya.

Taganizani, mkamwini amene pabwalo ankakhala kumbuyo, amene akatsokomola atsibweni a mkazi wake amamuyang'ana, lero akudutsa amuna akuvula zipewa. Mutu unakula. Tinaika chipika pamsewu wopita ku esiteti, wodutsa aliyense asiye kenakake. Poyamba tinkati n'zothandizira gulu, koma gulu lake linali pakhosi pathu. Ndinayamba kuweruza milandu imene sinkandikhudza, ya mbuzi, ya malire, ya chigololo, ndipo chindapusa chake chinali nkhuku ndi botolo. Kachasu ndinkamwa m'mawa ngati tiyi. Kumpingo anandiimitsa, ine n'kuwauza akulu a mpingo kuti nawonso tsopano kuli matipate, asandiuze zochita. Nankhoma anandiuza kuti malo tapeza kale, chimene ndikufunanso n'chiyani. Ndinamukankha anagwera pamtondo, ana akuona. A Zakeyu, atsibweni ake, anabwera kudzandilankhula, ndinawasiya ataima panja ngati munthu wodzapempha mchere.

Chimanga chathu cha kudambo chitamasula ngayaye, tinadzuka tsiku lina n'kupeza mbali ina yathibulidwa ndi zikwanje. Amene anachita zimenezo mpaka lero sindimudziwa. Mwina anali anthu a kapitawo, mwina mmodzi wa ife amene ndinamulanda mbuzi. Sindinafunse. Ndinaliza wezulo, tinamwa, tinatsika.

Mwini esiteti anali m'tauni. Kapitawo anali atathawa kalekale. Amene anatsala anali matenanti, anthu ochokera kutali kummwera, okhala m'timisasa ta udzu m'mbali mwa zigafa zawo. Apa mumvetsere bwino, chifukwa apa ndi pamene nkhani imene mumauzana kumowa imalumpha. Tonse muno tikudziwa mmene utenanti umayendera. Tenanti amadya chimanga cha bwana chaka chonse, feteleza ndi wa bwana, koma fodya ali m'chigafa ndi wa tenanti mpaka tsiku limene bwana adzamugule n'kuchotsera zake zonse. Fodya akapsa asanagulidwe, bwana sataya kanthu. Amangotseka nkhokwe. Ine ndinkadziwa zimenezo ngati mmene inu mukudziwira. Sindinalakwitse chifukwa cha umbuli. Mtima unkafuna nkhope yoti uimenye, ndipo nkhope imene inalipo inali ya munthu wosauka kuposa ine.

Chigafa choyamba chinali cha a Namakhwa, bambo wamng'ono thupi wochokera cha ku Phalombe, amene ankandipatsa moni panjira ndipo mkazi wawo ankadzapempha nkhwani kwa Nankhoma. Tinawapeza akupachika fodya, mkazi wawo akusoka masamba pansi, mwana wamkazi ali kumsana. Chigafa chinali chodzaza mpaka kudenga, fodya wabwino, wofiirira kale. A Namakhwa anagwada pamatope.

"Bambo, fodyayu si wa bwana. Ndi wanga."

Ndinawayankha kuti wa bwana kapena wa galu wa bwana n'chimodzimodzi. Ndinayatsa ndi dzanja langa ili, masana dzuwa likuswa mtengo. Udzu wa denga unalandira moto nthawi yomweyo, fodya wouma n'kumalira ngati mapepala. Tinaotcha mzere wonse wa zigafa. Fungo lake linakhala m'dambo masiku ambiri, ndipo ife tinabwerera tikuimba.

Ndiye boma linafika. Mafuta anapezeka. Malole anabwera kuchokera kutauni, odzaza, ndipo anamenya aliyense amene anamupeza, wolakwa ndi wosalakwa, mpaka aphunzitsi a kusukulu amene ankangodutsa. Atafunsa kuti mtsogoleri ndani, zala zonse zinaloza ine. Anthu amene dzulo ankandivulira zipewa anati munthuyu ndi mkamwini, si wa pano, ndi amene anatisokoneza mitu. Ena mwa iwo ndi abambo anu, ndipo mmodzi ali muno, akuyang'ana pansi. Musatembenuke kumufuna, sindimutchula.

Za kundende ndinena mwachidule chifukwa mumazikonda kwambiri. Nsabwe, mphere, nandolo wofumbwa, kugona cham'mbali mothithikana kuti mmodzi akafuna kutembenuka mutembenuke nonse. Koma musaganize kuti ndende inandisintha. Ndinkadziona ngati munthu womangidwira anthu ake. Ndinkauza akaidi anzanga kuti ine si wakuba ngati iwo, ine ndi wandale. A Namakhwa sanabwere m'mutu mwanga ngakhale kamodzi.

Ndili komweko, kuno zinthu zinasintha, ndipo izi sindikana. Akuluakulu amene tinkawasowa m'maofesi anakwera phiri ndi nsapato zawo zopolisha. Anakhala pansi ndi mafumu, anabweretsa oyeza malo, ndipo mbali ya esiteti pamodzi ndi dambo inabwezedwa kumidzi. Anatsegula kapolisi pafupi, anakhazikitsa komiti yoti nkhani za malire zizimveka konkuno, analimbikitsa makalabu kuti mlimi azigulitsa yekha fodya wake. Boma linaona kuti likangogona, mapiri onse ayaka. Ndikudziwa zimene mukuganiza, ati nanga si moto womwewo unagwira ntchito? Inde, boma lathu linamva utsi msanga kuposa mmene linamvera mapazi athu, ndipo pa chimenecho mpaka lero ndili nalo mkwiyo. Koma dikirani mumve amene analipira.

Malo anagawidwa monga mwa mwambo wathu, mbumba ndi mbumba. Nankhoma analandira gawo lake. Ine, amene ndinkati malo anga, malo anga, dzina langa silinamveke paliponse, chifukwa mkamwini alibe malo. Nditatuluka ndinalunjika kwathu kuseri kwa phiri, ndipo pakhonde la mlongo wanga ndinapeza khasu langa ndi mphasa yanga. A Zakeyu anali atazitumiza ndi ankhoswe kalekale. Banja linali litatha ine ndisakudziwa.

Kwa mlongo wanga sindinakhalitse. Mlamu wanga, mkamwini ngati ine, ankandiyang'ana ndikamatema nsima, ndipo sindimunena. Ndinatsikira ku Madisi. Ndinkatsitsa matumba m'malole, kugona m'makonde a sitolo, ndipo ganyu akasowa ndinkagulitsa nkhani yanga. Munthu akandigulira kapu ya kachasu ndinkamufotokozera mmene tinazulira mabikoni ndi mmene zigafa zinayakira, ndikuwonjezera mchere. Nkhani imene mukuidziwa inuyo ndinaipanga ine m'mashabini a ku Madisi, kuti ndimwe. Buluku linang'ambika kumatako, ndevu zinafika apa, ana a sukulu ankandithawa.

Tsiku lina munthu wa kumudzi kuno anandipeza, anandigulira mowa, n'kundiuza moseka kuti Tcheya, mukugona pakhonde pamene munda umene munaumenyera ukudyedwa ndi mwamuna wina. Anati pamunda wa Nankhoma paima chigafa chachikulu, ndipo amene anachimanga ndi tenanti uja wa ku Phalombe. Sindinafunse zambiri. Ndinagula machesi ndi ndalama imene inayenera kukhala ya chakudya, n'kuyamba ulendo wapansi.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Sindinalowe m'mudzi, ndinazungulira kumunsi. Kanali koyamba kuona dambo lija lili m'manja mwa anthu athu, chimanga chobiriwira, fodya, madimba m'mbali mwa mtsinje. Sindinakondwe ayi, mtima unangowawa kuti zonsezi akudya popanda ine. Chigafa ndinachiona patali. Mumthunzi wake Nankhoma anali atakhala pansi akusoka fodya ndi mwana wathu woyamba, amene ndinamusiya wamng'ono koma tsopano anali namwali. Nankhoma anakweza maso, anandiona, anaona bokosi la machesi m'dzanja langa, n'kupitiriza kusoka. Sanaimirire, sanakuwe. Anangouza mwana kuti akhale pomwepo.

M'chigafa munatuluka a Namakhwa. Anali atakalamba, tsitsi mbuu, mapewa akuoneka m'malaya. Anapukuta manja pabuluku, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, ndipo ulendo uno sanagwade.

"Mwabwera kudzaotchanso? Uyu ndi wa ana anu. Yatsani, ndione ngati amapsa mosiyana ndi wanga."

Ndinawatukwana. Ndinati alanda mkazi wanga, alanda munda wanga, munthu wobwera. Anandisiya nditukwane mpaka mawu anatha. Kenaka anandilozera kamsasa ka udzu kumapeto kwa munda, anati amagona umo, okha, ndipo amalima m'minda ya mbumba ya a Zakeyu kuti apeze chakudya. Analankhula mosakweza mawu, ngati akuwerengera munthu ntchito ya mawa. Anati zigafa zitapsa nkhokwe ya esiteti inatsekedwa, matenanti ena anabalalika, koma iwo analibe ya basi ndipo sakanabwerera kwawo chimanjamanja patatha zaka. Anadya gaga, anadya mizu, anadya mango osakhwima ophika. Mvula yotsatira isanathe, mwana uja amene anali kumsana tsiku lija anatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi linafiira, anasiya kulira. Mayi ake atamuika m'manda anapita kwa abale awo ndipo sanabwerenso.

Anatembenuka n'kuloza nkhalango ya manda athu pamtunda.

"Ali uko, kumapeto, kumene mumaika alendo. Dzina lake Esinati. Simunafunsepo."

Nankhoma analankhula osandiyang'ana, singano ili m'dzanja. Anati amene anasambitsa mwanayo ndi iye, nsalu imene anamukulunga inali chitenje chake, ndipo a Zakeyu anapempha malo a manda chifukwa mudzi unachita manyazi ndi zimene mkamwini wawo anachita.

Abale anga, sindinamve mawu ochokera kumwamba. Sindinaone kuwala. Ndinangoona kuti bokosi la machesi lanyowa ndi thukuta m'dzanja langa. Ndinakhala pansi pamzere. Khoti linandiweruza pa mlandu wootcha zigafa, ndipo ndinaugwirira ukaidi n'kumati ndalipira. Za mwana palibe amene anandiimba mlandu, chifukwa njala siikhala ndi mboni. Pamzere paja ndi pamene ndinadziwa kuti ndinapha munthu, mwana amene amayi ake ankadzapempha nkhwani pakhomo panga. Ndinasanza mowa wonse pamaso pa mwana wanga. Iwo anapitiriza ntchito yawo, a Namakhwa kupachika, Nankhoma kusoka, mpaka dzuwa linalowa. Atanyamuka palibe anati tiyeni.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa kulira pamzere sikubweza kanthu.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo amene ndinamunyoza uja. Sanandikumbatire. Anandipatsa khitchini yake yogonamo n'kundiuza kuti tsiku limene ndidzanunkhe mowa ndidzapeze mphasa panja. Masabata oyamba manja ankanjenjemera moti sindinkatha kumanga lamba. Ndinkatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Ndalama ya ganyu sindinkaigwira, ankalandira mkuluyo. Njira yodutsa kwa mayi wotcheza kachasu ndinaisiya, ndinkazungulira kuchigayo ngakhale kukugwa mvula. Ndinagwa kamodzi, pamaliro, ndipo ndinapezadi mphasa panja. Ndinagona panja pomwepo mpaka anandilola kulowanso.

Kenaka ndinakapempha ankhoswe anga kuti akagwade kwa a Zakeyu. Anapita monyinyirika. A Zakeyu anawabweza kawiri. Kachitatu anati nkhani ya banja siingakambidwe pamene fodya wa munthu sanabwezedwe, ndipo sakufuna ndalama, chifukwa ndalama ndikhoza kukabwereka kapena kuba. Anati abwereketsa a Namakhwa munda, fodya yense wotuluka mmenemo akhale wa a Namakhwa, ndipo wolima akhale ine. Ndikhale tenanti wa tenanti. Ndigone kumsasa, pakhomo la Nankhoma ndisapondepo, ndipo zikatha zimenezo adzamufunsa Nankhoma, osati kumuuza, kumufunsa.

Ndinavomera, ndipo musaganize kuti ndinavomera mokondwa. Anthu ankabwera dala kudzaona Tcheya akutunga madzi a nazale ndi makheni awiri m'mawa ndi madzulo. Ena ankandifunsa ngati wezulo ndikadali nayo. A Namakhwa anali bwana wovuta kuposa kapitawo aliyense. Mzere wokhota ankandigumulitsa. Tsamba lothyoledwa lisanakhwime ankandionetsa pamphuno. Mitengo ya chigafa ndinadula ndekha, udzu ndinamweta ndekha, ndipo denga atalikwera anati ladontha, ndifolerenso. Kunja kwa ntchito sankalankhula nane. Chakudya Nankhoma ankatumiza ndi mwana, amene ankasiya mbale pamalire a munda n'kubwerera osandiyang'ana.

Chaka choyamba matalala anagwa fodya ali pafupi kuthyoledwa, masamba onse anabooka ngati sefa. Ndinapita kwa a Zakeyu kukanena kuti mwaona nokha, ine ndalima, zimenezi ndi za Mulungu. Anandifunsa ngati fodya wa a Namakhwa anaotchedwa ndi Mulungu. Ndinabwerera kumsasa mtima ukuwira, ndipo tsiku limenelo ndinafika mpaka pamphambano ya kwa mayi wa kachasu uja. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka ndinabwerera kukagalauza nazale ina.

Inu a sikelo, apa ndi pamene ndikukulankhulani. Akukuberani, n'zoona, ndipo boma likugonanso, n'zoona. Pitani, ndipo mupite ambiri, masana, osamwa. Tengani sikelo ya kalabu yanu muiike pambali pa yawo anthu onse akuona. Itanani a komiti ndi wapolisi, akati alibe mafuta mukamutenge pa njinga yanu. Akakana, mukane kugulitsa nonse, osati wina kuzemba m'bandakucha ndi kathumba kake. Koma musanakweze dzanja, mufunse kuti amene waima patsogolo panu ndani. Mwini ndalama ali m'tauni. Pashedi ya ogula fodya paja mukapeza mlonda ndi kamnyamata kolemba, amene amadya mukagulitsa. Ndipo wina akayamba kukutchani Tcheya, muthawe.

Chaka chachiwiri fodya anachita bwino. Ndinathyola, ndinasoka, ndinapachika, ndinasankha mtundu ndi mtundu mpaka maso kuwawa, tinadinda mabelo ndi jeke ya kalabu. Anagulitsidwa m'dzina la a Namakhwa. Ine sindinafunse kuti apeza zingati, ndipo sanandiuze. Anagula chikwama, malaya ndi nsapato, n'kunena kuti akubwerera kwawo.

Ndinawanyamulira katundu mpaka pamsewu wa Malomo. Njira yonse ndinkadikira mawu amodzi, aja mumawadziwa, amene m'maumboni a kutchalitchi amabwera pomaliza anthu n'kuimba nyimbo. Tinaima pamsewu. Minibasi itaonekera patali, a Namakhwa anatembenuka.

"Fodya mwabweza. Kukhululuka musadikire, sindingathe. Koma mwana wanga sindingamunyamule. Amuna akamalowa kukalambula manda, aliyense amapita pa wachibale wake, ndipo pake sipadzaima munthu. Muzilambula inu."

Anakwera, anakhala pawindo, sanayang'ane kumbuyo. Sindinawaonenso.

Ankhoswe anakhala pansi sabata yotsatira, pakhomo la a Zakeyu. Ine ndinakhala potero, chipewa m'manja. Anafotokoza zonse, kuti mowa ndasiya, mpingo wandilandira, fodya ndabweza. A Zakeyu anati zonsezo amva, koma nyumba ndi ya mwana wawo, ayankhe yekha. Nankhoma anakanda pansi ndi kamtengo. Atayamba kulankhula, mtima wanga unagwa. Anati pamtondo paja sanaiwale. Anati ana anakula popanda ine ndipo sanafe. Anati munda aulima yekha, chigafa amanga ndi alongo ake, mwamuna samusowa. Ndinayamba kuganiza za njira ya kuseri kwa phiri.

Kenaka anati wamva zimene a Namakhwa anandisiyira.

"Mwana uja ndinamusambitsa ine, koma kumanda ine sindikalambula. Munthuyu mukamubweza kwawo, pamanda paja pamera tchire. Alowe."

Ndinalowa m'nyumba tsiku limenelo, ndipo ndikadali momwemo. Munda ndi wa Nankhoma, ine ndimangolima. Chaka chilichonse mvula ikatha, amuna tikalowa m'nkhalango muja ndi makasu, anzanga amapita pa azigogo awo, ine ndimapitirira mpaka kumapeto, pa kamtumbira kakang'ono kopanda mtanda wa simenti. Ndiye mukandiona ndikutuluka pakhomo la Nankhoma m'mawa, musamati Tcheya anabwerera ndi nzeru zake. Amene anandibwezera pakhomo paja ndi Esinati, mwana amene ndinamupha ndi njala.